Kumbh Mela: n'chifukwa chiyani anthu mamiliyoni amafuna kusamba pamalo amodzi, tsiku limodzi?

Kumayambiriro kwa chaka cha 2025, timavidiyo tochokera ku India tinazungulira kwambiri pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kena kankaonetsa azibambo osavala, thupi lonse lili mbuu ndi phulusa, tsitsi lopotana lofika m'chiuno, akuthamangira mumtsinje m'bandakucha uku akukuwa. Kena kanajambulidwa kuchokera m'mwamba, anthu ali piringupiringu pamchenga mpaka kumene maso alekezera. Kenako pa 29 Januwale kunamveka zoti anthu apondana ndipo ena afa. Kuno kwathu ena ankati umenewu ndi ubatizo wa Amwenye, ena ankati akupembedza mtsinje. Koma ena anafunsa funso labwino kwambiri: mtsinje wa Ganga ndi wautali makilomita oposa 2,500, nanga bwanji aliyense osangosamba kufupi ndi kwawo?

Mukamvetsa yankho la funso limenelo, zina zonse za mwambowu zimamveka zokha, kuyambira chisangalalo chake mpaka ngozi zake.

Mwambowu umatchedwa Kumbh Mela. Kumbh ndi mtsuko, mela ndi msonkhano waukulu wachikondwerero. Wa mu 2025 unachitika masiku 45, kuyambira pa 13 Januwale mpaka pa 26 Febuluwale, mumzinda wa Prayagraj m'chigawo cha Uttar Pradesh kumpoto kwa India. Amene anaphunzira jogalafe kale amaudziwa mzindawu kuti Allahabad; dzina linasinthidwa mu 2018. Boma la chigawochi linalengeza kuti anthu oposa 660 miliyoni ndi amene anasamba. Chiwerengero chimenechi n'chofunika kuchimva bwino: munthu amene wasamba masiku angapo atha kuwerengedwa kangapo, ndipo akatswiri ena amakayikira njira imene anawerengera. Komabe palibe amene amatsutsa zoti uwu ndi msonkhano wa anthu waukulu kuposa wina uliwonse padziko lapansi. Bungwe la UNESCO linaulemba mu 2017 pa mndandanda wa miyambo ya makolo yofunika kusungidwa.

Vuto limene wosambayo akufuna kuthana nalo

Chihindu chilibe munthu mmodzi amene anachiyambitsa, chilibe buku limodzi lokha lopatulika, ndipo chilibe mtsogoleri mmodzi wolamulira onse. Anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse a ku India ndi Ahindu, ndipo amasiyana m'zambiri. Ena amadzipereka kwa mulungu Shiva, ena kwa Vishnu, ena kwa mulungu wamkazi amene ali ndi maina ambiri. Ochuluka amanena kuti milungu yonseyi ndi nkhope zosiyana za chinthu chimodzi chachikulu chimene chili gwero la zonse.

Pali mfundo zitatu zimene ambiri a iwo amagwirizana. Yoyamba ndi yakuti munthu akafa amabadwanso m'thupi lina, n'kufanso, n'kubadwanso, ndipo kuzungulira kumeneku amakutcha samsara. Yachiwiri ndi karma: chilichonse chimene munthu wachita, chabwino kapena choipa, chimamutsatira ndipo n'chimene chimaumba moyo wake wotsatira. Yachitatu ndi moksha, kumasuka kotheratu, pamene mzimu suyeneranso kubadwa. Kwa Mhindu, kubadwanso kosatha si mwayi ayi, ndi goli lofunika kulichoka.

Njira zochepetsera mtolo wa zoipa zimene munthu wasenza ndi zambiri: kupemphera, kusala kudya, kupereka kwa osauka, kusinkhasinkha. Ina mwa izo ndi ulendo wopita kumalo opatulika otchedwa tirtha, amene ambiri ali m'mbali mwa mitsinje. Ganga, amene Azungu anamutcha Ganges, amatengedwa kuti ndi mulungu wamkazi, ndipo anthu amamuitana kuti Ganga Maiya, kutanthauza Amayi Ganga. Nkhani yakale imati mtsinjewu unali kumwamba. Mfumu ina yotchedwa Bhagiratha inadzizunza ndi mapemphero kwa zaka zambiri kuti madziwo atsike adzatsuke phulusa la makolo ake 60,000 amene anapsa ndi mkwiyo wa munthu wina wopatulika. Poopa kuti mphamvu ya madzi akugwa kuchokera kumwamba iphwanya dziko, Shiva anawalandira m'tsitsi lake n'kuwamasula pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mpaka lero Ahindu amafunitsitsa kuti phulusa la wachibale wawo amene watenthedwa pamaliro likathiridwe mu Ganga. Phulusa lina la Mahatma Gandhi linathiridwa pa Prayagraj pomwepa mu Febuluwale 1948.

Choncho Ganga ndi wopatulika paliponse komanso tsiku lililonse. Koma Chihindu chimaphunzitsa kuti malo si ofanana mphamvu, ndipo nthawi nazonso si zofanana. Pali malo ena ndi masiku ena pamene phindu la kusamba limachuluka kwambiri. Kumbh Mela ndi pamene malo amphamvu koposa akumana ndi nthawi yamphamvu koposa.

Nkhani ya mtsuko

Mtsuko umene mwambowu unatengera dzina umachokera m'nkhani yodziwika kwa mwana aliyense wa Chihindu, imene imapezeka m'buku lakale lotchedwa Mahabharata ndi m'mabuku ena akale otchedwa Purana.

Milungu, imene amaitcha deva, inali pa nkhondo yosatha ndi adani awo otchedwa asura. Ena amawamasulira kuti ziwanda, koma m'nkhanizi asura ndi abale a milunguyo, obadwa kwa bambo mmodzi, ongosiyana mtima ndi kukonda ulamuliro. Nthawi ina milungu inafooka chifukwa cha temberero, ndipo Vishnu anailangiza kuti ipangane ndi adani akewo kuti apukuse nyanja ya mkaka, poti pansi pake panali amrita, chakumwa chopatsa moyo wosafa. Ganizirani mmene mayi amapukusira phala ndi kamtengo pakati pa zikhatho, kenaka mukulitse chithunzicho: kamtengoko kanali phiri la Mandara, ndipo m'malo mwa zikhatho anakulunga phirilo ndi chinjoka chotchedwa Vasuki, asura atagwira kumutu, milungu itagwira kumchira, n'kumakokerana. Phiri litayamba kumira, Vishnu anasanduka kamba wamkulu n'kulisenza pamsana.

Choyamba kutuluka sichinali amrita ayi, koma chiphe choopsa choti chikanapha zamoyo zonse. Shiva anachimwa n'kuchisunga pakhosi osachimeza, khosi lake n'kusanduka labuluu. Mukaona chithunzi cha Shiva ali ndi khosi lotero, nkhani yake ndi imeneyi. Kenako munatuluka zinthu zamtengo wapatali: mwezi, njovu yoyera, ng'ombe yopatsa chilichonse chimene munthu wapempha, ndi Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma. Pomaliza panatulukira Dhanvantari, sing'anga wa milungu, atanyamula mtsuko wa amrita.

Pangano linathera pomwepo. Aliyense analumphira mtsukowo. Vishnu anasanduka mkazi wokongola kwambiri dzina lake Mohini, n'kuwapusitsa asura kuti iye ndiye agawe, koma n'kumwetsa milungu yokhayokha. Asura mmodzi anadzizimbaitsa n'kukhala pamzere wa milungu. Dzuwa ndi mwezi zinamuulula, Vishnu n'kumudula mutu chakumwacho chisanapitirire pakhosi. Mutuwo sunafe, ndipo ndi umene amautcha Rahu. Amati kadamsana amachitika pamene Rahu wameza dzuwa kapena mwezi pobwezera.

Mbali imene ikukhudza Kumbh Mela ndi iyi: akuti mmodzi wa kumbali ya milungu anathawa nawo mtsukowo, ena amati anali Jayanta mwana wa Indra mfumu ya milungu, ena amati chinali chimbalame Garuda. Anathamangitsana masiku 12, ndipo tsiku limodzi la milungu ndi chaka chathunthu cha anthu. Pothawapo madontho a amrita anagwera malo anayi padziko lapansi. Okhulupirira amati nyenyezi zikabwerera mmene zinalili pa nthawi imeneyo, madzi a pamalo amenewo amatenga mphamvu ya amrita.

Akatswiri a mbiri yakale amaonjezapo mfundo ina. Nkhani yopukusa nyanja ndi yakalekale, koma mbali ya madontho ogwera malo anayi sipezeka m'mabuku akalewo. Inadzabwera pambuyo pake. Kusonkhana pa Prayag, lomwe ndi dzina lakale la Prayagraj, nakonso n'kwakale: mlendo wa ku China dzina lake Xuanzang, amene anayenda mu India m'zaka za m'ma 600, analemba za msonkhano waukulu umene anauona kumeneko m'nthawi ya mfumu Harsha. Koma katswiri wina, Kama Maclean, atafufuza m'zolemba za atsamunda a ku Britain, anapeza kuti dzina loti Kumbh linayamba kugwiritsidwa ntchito pa Allahabad cha m'ma 1860, pamene msonkhano wa chaka ndi chaka wa mwezi wachihindu wa Magh unayamba kukuzidwa kamodzi pa zaka 12, potengera mwambo umene unalipo kale ku Haridwar, amodzi mwa malo anayi aja. Okhulupirira ambiri sasunthika nazo zimenezi, poti kwa iwo mwambowu ndi wachiyambire.

Malo anayi, ndi mmene tsiku limadziwikira

Malo anayiwo ndi Haridwar, kumene Ganga amatulukira m'mapiri a Himalaya n'kulowa m'chigwa, Ujjain, pamtsinje wa Shipra, Nashik, pamtsinje wa Godavari, ndi Prayagraj. Malo omalizawa ndi amene amalemekezedwa koposa chifukwa ndi pamene Ganga amakumana ndi Yamuna. Munthu akakhala m'boti amatha kuona kusiyana kwa madziwo: a Ganga ndi amatope, a Yamuna ndi obiriwira komanso akuya. Ahindu amati pali mtsinje wachitatu wosaoneka, Saraswati, umene umadzera pansi n'kukumana ndi iwiriyo. Pokumanapo amapatcha Sangam. Pamenepa, pansonga ya mchenga imene si yaikulu n'komwe, ndi pamene mtima wa aliyense umalozera.

Tsiku salisankha ndi boma. Amaliwerengera ndi akatswiri a nyenyezi, amene amagawa njira ya thambo m'zigawo 12 n'kuona kumene dzuwa, mwezi ndi pulaneti ya Jupiter zili. Jupiter imatenga zaka pafupifupi 12 kuti izungulire dzuwa, choncho imakhala pafupifupi chaka chimodzi m'chigawo chilichonse. Ikalowa m'chigawo cha Kumbha, ndiye kuti ndi nthawi ya Haridwar. Ikalowa m'chigawo cha Simha, cha mkango, ndi nthawi ya Nashik ndi Ujjain. Ya Prayagraj imachitika Jupiter ili m'chigawo cha Vrishabha, cha ng'ombe yamphongo, dzuwa lili m'chigawo cha Makara, zomwe zimagwa mu Januwale ndi Febuluwale. Popeza ulendo weniweni wa Jupiter ndi zaka 11.86 osati 12 ndendende, nthawi zina mwambowu umafika chaka chimodzi msanga: Haridwar inachita wake mu 2010 kenako mu 2021.

Prayagraj inachita Kumbh yaikulu mu 2001, 2013 ndi 2025. Pakatikati pa zaka 12 pamakhala ina yocheperako, monga ya mu 2019, ndipo chaka chilichonse pamakhala Magh Mela. Za wa mu 2025 kunafalikira mawu akuti ndi wapadera wobwera kamodzi pa zaka 144, ndiye kuti 12 kuchulukitsa ndi 12. Ena, kuphatikizapo atsogoleri ena achihindu, anakayikira zimenezi, n'kukumbutsa kuti mawu ngati omwewo anamvekanso pa Kumbh za m'mbuyomu. Zoona kapena ayi, uthenga wakuti "ukaphonya uno sudzauonanso" unadzutsa anthu ambiri amene akanakhala kunyumba.

Mkati mwa masiku 45 aja mulinso masiku osankhika. Mu 2025 anali 13 ndi 14 Januwale, 29 Januwale, 3 Febuluwale, 12 Febuluwale ndi 26 Febuluwale. Lalikulu mwa onse ndi Mauni Amavasya, limene mu 2025 linali pa 29 Januwale, tsiku limene mwezi uli kumdima m'mwezi wa Magh, pamene odzipereka amasamba ali chete osalankhula ndi munthu. Ndipo m'tsikulo nthawi yabwino koposa ndi m'bandakucha dzuwa lisanatuluke. Mukuona mmene zinthu zikupanikizirana: dziko la anthu 1.4 biliyoni, malo amodzi, tsiku limodzi, maola ochepa.

Kusambako kumachitika bwanji

Munthu wamba amafika pa sitima, pa basi kapena pa thirakitala ya m'mudzi, kenaka n'kuyenda pansi makilomita ambiri katundu ali pamutu, poti pa masiku akuluakulu magalimoto amaimikidwa kutali. Mabanja a kumudzi amagwirana nsalu kapena chingwe kuti asatayane. Januwale kumpoto kwa India ndi nyengo yozizira kwambiri, ndipo madziwo ndi ozizira zedi.

Ambiri amayamba afunafuna wansembe wa banja lawo. Ansembe amenewa amatchedwa panda, ndipo aliyense amaimika mbendera yake pa nsungwi yaitali, ya chizindikiro chake, kuti anthu ake amuone patali. Amasunga makaundula akuluakulu olembedwa pamanja, momwe muli maina a mabanja amene akhala akubwera kwa iwo kwa mibadwo yambiri. Munthu akatchula mudzi wake ndi fuko lake, panda amatsegula kaundula n'kumuonetsa pamene agogo ake analembetsa, iyenso n'kulembedwa pansi pake. Ena amameta mpala, ndipo ena amaumba timibulu ta mpunga kapena ufa wa balere n'kupereka kwa makolo amene anamwalira.

Asanalowe m'madzi, wosambayo amatapa madzi pang'ono m'dzanja lamanja, pamodzi ndi maluwa, n'kubwereza mawu amene wansembe akunena: dzina lake, fuko lake, malo amene ali, tsiku, ndi chimene wadzera. Kenako amalowa mpaka m'chiuno, amayi ali chivalire nsalu zawo za sari, n'kutseka mphuno n'kumira thupi lonse, kawirikawiri katatu. Ambiri amaonjezera: kamodzi m'malo mwa amayi okalamba amene atsala kunyumba, kamodzi m'malo mwa mwana amene ali kunja. Akavuuka amatapa madzi m'manja onse awiri n'kuwathira pang'onopang'ono moyang'ana dzuwa. Ena amayandamitsa kambale ka masamba muli maluwa ndi kanyali koyaka. Palibe wansembe amene amamumiza munthu, ndipo kusambaku sikumulowetsa munthu m'chipembedzo. Apa ndi pamene pakusiyana ndi ubatizo.

Chomaliza ndi kudzaza kachigubu. Madzi a Ganga amapita nawo kunyumba, kukagawira achibale ndi anansi, ndipo amasungidwa zaka. Amawawaza pa ukwati ndi m'nyumba yatsopano, ndipo munthu akamatsirizika amamudonthezera pakamwa. Mu 2025 akuluakulu a ndende za ku Uttar Pradesh anatumiza madzi a pa Sangam m'ndende zawo kuti akaidi nawonso asambe. Ngakhale kuno ku Africa ulusi umenewu ulipo: ku Mauritius kuli nyanja yaing'ono ya m'phiri imene Ahindu a kumeneko anathiramo madzi ochokera ku Ganga, ndipo amaitcha Ganga Talao.

Si Ahindu onse amene amati madzi paokha ndi okwanira. Mabuku awo ena amachenjeza kuti nsomba zimakhala m'madzi opatulikawo usana ndi usiku koma sizipita kumwamba, kutanthauza kuti wosamba mtima uli wakuda wangonyowa chabe.

Anthu a phulusa aja ndani?

Amatchedwa Naga sadhu. Sadhu ndi munthu amene wasiya banja, chuma ndi ntchito kuti afunefune moksha. Ambiri amavala nsalu za mtundu wa lalanje, koma a Naga amasiya ngakhale chovala, n'kudzola phulusa la pamoto wopatulika, lokumbutsa kuti thupi lidzatha n'kukhala phulusa. Munthu akamalowa gulu limeneli, ndipo ambiri amalowetsedwa pa Kumbh pomwepo, amametedwa n'kudzichitira yekha mwambo wa maliro ake. Kuyambira pamenepo, kwa abale ake ndi kwa dziko, iye ndi womwalira, ndipo amapatsidwa dzina latsopano.

Asadhu ali m'magulu otchedwa akhara, ndipo ovomerezeka ndi 13: asanu ndi awiri ndi otsatira Shiva, atatu ndi otsatira Vishnu, ndipo atatu enawo ali ndi ubale ndi miyambo ya Asikh, a chipembedzo china cha ku India. Lalikulu kwambiri ndi Juna Akhara. Malupanga ndi mikondo ya nsonga zitatu imene amanyamula si zokongoletsera chabe. M'zaka za m'ma 1700 magulu amenewa anali ankhondo enieni, ankachita malonda, kubwereketsa ndalama, ndi kumenyera nkhondo mafumu amene awalemba ganyu. Ndipo ankamenyana okhaokha pa nkhani imodzi: ndani ayambe kulowa m'madzi pa nthawi yopatulika? Ku Haridwar mu 1760 otsatira Shiva ndi otsatira Vishnu anaphana kwambiri pa nkhani imeneyi. Ku Nashik mkangano wotere unachititsa olamulira a nthawiyo kuwagawa, moti mpaka lero otsatira Shiva amasambira m'tauni ina yapafupi yotchedwa Trimbakeshwar pomwe otsatira Vishnu amasambira mu Nashik mwenimweni. Atsamunda a ku Britain atatenga ulamuliro anakhazikitsa ndondomeko ya amene ayambe ndi amene atsatire, ndipo boma la lero limaitsatirabe, gulu lililonse n'kupatsidwa nthawi yonyamukira, yosambira ndi yotulukira. Pa Prayagraj amayamba ndi a akhara yotchedwa Mahanirvani.

Pa masiku akuluakulu ma akhara amapita ku Sangam pa mdipiti, atsogoleri awo atakwera magaleta okongoletsedwa, a Naga ali patsogolo kufuula kuti "Har Har Mahadev!" potamanda Shiva. Kusamba kumeneku kunkatchedwa Shahi Snan, kusamba kwachifumu, koma mu 2025 anakutcha Amrit Snan, atsogoleri ena atanena kuti liwu lakalelo ndi lochokera ku chilankhulo cha Aperezi. Anthu wamba amadikira kuseri kwa mipanda, ndipo ambiri amakhulupirira kuti madzi amene asambamo anthu opatulikawa amaonjezereka mphamvu. Gulu lina latsopano, Kinnar Akhara, la anthu amene ku India amawerengedwa kuti si amuna kapena akazi, linayamba kuonekera ku Ujjain mu 2016, ndipo kuyambira 2019 limayenda pamodzi ndi Juna Akhara, ngakhale atsogoleri ena sanalivomereze.

Makamera amakonda a Naga, koma pali gulu lina lochuluka kuposa iwo limene silioneka m'mavidiyo. Awa ndi anthu wamba, ambiri okalamba a kumidzi, amene amachita kalpavas: amakhala mwezi wathunthu m'katenti pamchenga, kugona pansi, kudya kamodzi pa tsiku, kusamba m'mamawa uliwonse, ndipo ena katatu pa tsiku, n'kumamvera maulaliki. Pakhomo pa tenti amabzala kamtengo konunkhira ka tulsi ndi kufesa balere. Ambiri amalonjeza kuchita zimenezi zaka 12 zotsatizana.

Mzinda womangidwa pamchenga

Pa Prayagraj, malo ambiri amene mwambowu umachitikira amakhala pansi pa madzi m'nyengo ya mvula. Madzi akaphwa cha mu Okutobala, boma limakhala ndi miyezi iwiri kapena itatu yokha yomanga mzinda. Wa mu 2025 unali wa mahekitala pafupifupi 4,000, wogawidwa m'zigawo 25, wokhala ndi milatho yoyandama 30, zimbudzi pafupifupi 150,000, misewu ya zitsulo zoyalidwa pamchenga, magetsi, mipope ya madzi, zipatala ndi mapolisi. Boma la chigawo linaulengeza kuti ndi boma lapadera kwa miyezi imeneyo. Magulu achipembedzo ndi anthu olemera amaphika chakudya chaulere chodyetsa aliyense wodutsa, poti kudyetsa wapaulendo nako kumawerengedwa kuti ndi ntchito yabwino. Zokuzira mawu zimalira usana ndi usiku kuitana maina a ana ndi agogo amene asochera. Mwambo ukatha zonse amazula, mtsinje n'kubwerera pamalo pake.

Boma lililonse limene lalamulira derali lakhala ndi nkhawa ziwiri, matenda ndi kupondana. M'zaka za m'ma 1800 kolera inkabuka m'misonkhano imeneyi n'kufalikira ndi anthu obwerera kwawo. Mu 2021 Kumbh ya ku Haridwar inachitika Covid-19 ikukolera, anthu ambiri anaidzudzula, ndipo nduna yaikulu ya dzikolo Narendra Modi inapempha kuti masiku otsala angochitika mwachizindikiro. Kupondana kunapha anthu mazanamazana pa Allahabad mu 1954, ndipo mu 2013 anthu osachepera 36 anafera pa siteshoni ya sitima ya mzindawu.

Usiku wa Mauni Amavasya

Pa 29 Januwale 2025 boma linati anthu oposa 70 miliyoni anasamba tsiku limodzi lokha, kuposa katatu anthu onse a m'Malawi. Ambiri anafika usiku n'kugona kapena kukhala pansi pamchenga pafupi ndi nsonga ya Sangam, kudikira ola lopatulika la m'bandakucha. Anthu ena anapitiriza kubwera m'mbuyo mwawo. Cha m'ma 1 kapena 2 koloko usiku mipanda inathyoka, khamu n'kugwera anthu amene anali pansi aja. Apolisi analengeza kuti anthu 30 afa ndipo 60 avulala. Atolankhani ena atafufuza m'zipatala ndi m'mabanja anati chiwerengero chenicheni chinali chokulirapo, ndipo otsutsa boma anati chidwi chinapita kwambiri kwa alendo olemekezeka kuposa anthu wamba. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza wopuma. Ma akhara anaimika kaye mdipiti wawo, n'kudzasamba masana mopanda zokometsera zambiri. Pa 15 Febuluwale anthu ena 18 anafa popondana pa siteshoni ya sitima ya New Delhi, ambiri ali pa ulendo wa ku Prayagraj.

M'mawa wa tsiku la ngoziyo, mtsogoleri wa boma la Uttar Pradesh, Yogi Adityanath, amene iye mwini ndi mkulu wa nyumba ya asadhu ku Gorakhpur, anapempha anthu kuti asambe pagombe lililonse limene ali nalo pafupi, asalimbikire kukafika pansonga. Magombe osambira anakonzedwa aatali makilomita angapo. Koma munthu amene wasunga ndalama zaka zambiri, wayenda masiku awiri pa sitima yodzaza, ndipo anauzidwa kuyambira ali mwana kuti mphamvu ili pokumana mitsinje, n'kovuta kumuuza kuti alekezere panjira.

Madzi, ndalama ndi ndale

Mkangano wina unali wa ukhondo wa madzi. Ganga ndi Yamuna zimalandira zonyansa za m'mizinda ndi m'mafakitale zisanafike pa Prayagraj. Mu Febuluwale 2025 bungwe la boma loona za kuipitsa chilengedwe linauza khoti la zachilengedwe kuti m'malo angapo tizilombo tochokera m'chimbudzi tinapyola muyeso woyenera madzi osamba. Adityanath anatsutsa, nati madziwo ndi abwino, ndipo lipoti lina la bungwe lomwelo linadzanena kuti potengera zoyeza zonse pamodzi madziwo anali oyenera kusamba. Kwa okhulupirira ambiri, mafunso awiriwa ndi osiyana: madzi atha kukhala akuda koma opatulikabe. Ahindu ena amaona kuti kulemekeza Amayi Ganga kuyenera kuyamba ndi kusawathira zonyansa, ndipo asadhu ena anasala kudya mpaka kufa pomenyera mtsinjewu.

Pa ndale naponso anthu sagwirizana. Modi anasamba pa Sangam pa 5 Febuluwale, ndipo zikwangwani za nkhope yake ndi ya Adityanath zinali paliponse. Owakonda amati boma lachita bwino kulemekeza chikhulupiriro cha anthu ochuluka, ndipo eni maboti, mahotela ndi ogulitsa maluwa apeza phindu. Otsutsa amati chipani cholamula cha BJP chikugwiritsa ntchito mwambo wachipembedzo pokopa mavoti, m'dziko limene malamulo ake amati boma lisakondere chipembedzo, komanso limene lili ndi Asilamu pafupifupi 200 miliyoni.

Jupiter ikupitiriza ulendo wake kulowera kuchigawo cha mkango, choncho Kumbh yaikulu yotsatira ya 2025 ili ku Nashik mu 2027, kenako ku Ujjain mu 2028. Kumeneko kulibe chigwa chotakata cha mchenga ngati cha pa Prayagraj. Godavari pa Nashik amadutsa pakati pa mzinda wa tinjira topanikiza, ndipo Shipra ndi mtsinje waung'ono moti pa Kumbh ya mu 2016 boma linachita kupopa madzi kuchokera mumtsinje wa Narmada kuti anthu apeze posamba.